Ma donor akuti "pangani za digital", nde tiyambire pati?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatigawanitsa ku komiti. Kabungwe kathu kaja ka atsikana obwerera kusukulu, amene amatithandiza atilembera kuti chaka chamawa aonjezera kandalama pang'ono koma akuti kapite ku digital basi, ndipo pulani akuifuna mwezi uno usanathe. Nde ena akuti webusayiti, ena akuti tilembe mnyamata azitiyendetsera Facebook ndi TikTok, tcheya wathu akuti matabuleti chifukwa anaona bungwe lina lili nawo ku msonkhano wa DEC, komiti ija ya kwa DC yokumana a boma ndi mabungwe. Inetu atsikana amene timagwira nawo ntchito ali ku Chingale ndi ku Mayaka m'boma la Zomba, ambiri foni alibe, amene ali nayo ndi ya mabatani ya mayi awo kapena ya achimwene awo. Inu amene munadutsamo kale, mukanayamba ndi chani?

Mphwanu wa IT (Chikanda): Asisi webusayiti ndi yofunika musamve za anthu. Donor aliyense masiku ano asanakuyankheni imelo amayamba wakusakani pa Google, akapeza palibe chilichonse amangoti awa ndi a bungwe la m'chikwama. Sikuti ikhale yodula ayi, masamba anayi akwana, ndinu ndani, mumagwira kuti, setifiketi ya NGORA (a boma oyang'anira mabungwe) ndi ya CONGOMA (mgwirizano wa mabungwewo) zioneke, nambala ndi imelo. Imelo yakenso ikhale ya dzina la bungwe osati ija ya gmail yokhala ndi chaka chanu chobadwa kumapeto kkkk

Che Wa ku Jali: Kkkk mnyamata akufuna ganyu uyu, asisi chenjerani

Mphwanu wa IT (Chikanda): Aaa madala ganyu nde ndikuifunadi sindikana, koma zomwe ndanenazo ndi zoona

Che Wa ku Jali: Zoona zake zilipo koma funso la asisi likuti atsikana a ku Chingale. Webusayiti si ya mtsikana wa ku Chingale, ndi ya mzungu ali ku London. Ngati mukupangira mzunguyo nenani kuti tikupangira mzungu, palibe cholakwika, ndalama zimachokera konko, koma musalembe mu pulani kuti ithandiza atsikana kupeza uthenga chifukwa limenelo ndi bodza. Ine ndimayenda ku Kachulu mpaka kuwoloka kupita pa Chisi, anthu kumeneko nkhani amaimva pa wailesi, kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti, kenako kwa mnyamata mmodzi uja wa pa shopu yotchajitsa mafoni amene ali ndi WhatsApp. Ameneyo ndiye intaneti ya mudzi wonse.

Sisi wa ma akaunti: Ndionjezepo pa webusayiti poti ndalama zake zimadutsa m'manja mwanga. Anthu amawerengera yopangitsa yokha, amaiwala kuti chaka chilichonse pamafunika kulipira dzina lija ndi malo amene yakhalapo, ndipo ambiri amalipiritsa mu madola. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 bajeti yathu ya zimenezi inangosanduka nthabwala, kuonjezera apo kupeza forex ku banki ndi nkhondo ina. Pulojekiti ikatha palibe amene amakumbuka, webusayiti imafa mwakachetechete, mudzangoona tsiku lina mwadina dzina lanu pakutuluka zotsatsa juga. Ngati mupange, ikani ndalama yolipiriratu zaka zingapo pompano donor akadalipo, ndipo funsani za dzina la webusayiti lothera ndi .mw, imeneyo amayang'anira ndi a SDNP konkuno.

Nachisale: Eee za kulipira chaka ndi chakazi palibe anazitchula ku komiti. Nanga Facebook yokha siingakwane?

Mphwanu wa IT (Chikanda): Kwa anthu a kuno ikwana, a Malawi ambiri amene ali pa intaneti ali pa Facebook ndi WhatsApp, X ndi ya anthu a ndale ndi atolankhani. Koma peji ikhale peji ya bungwe osati akaunti ya munthu yolembedwa dzina la bungwe, ndipo ma admin akhale awiri kapena atatu. Izi ndimazinena paliponse. Ndinaitanidwapo ndi bungwe lina kuno ku Zomba konkuno, mnyamata amene ankawayendetsera peji anasemphana naye pa nkhani ya alawansi, anachoka ndi pasiwedi, peji ya anthu masauzande angapo inapita naye, pano amagulitsirapo nsapato za kaunjika. Sindinathe kuwathandiza chifukwa imelo ndi nambala zonse zinali zake.

Amayi a ku Domasi: Ana anga ndakhala ndikuwerenga, ine za mapasiwedi sindizidziwa bwino koma ndili ndi dandaulo limodzi pa Facebook yanuyo. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo pano ndili mu mother group. Bungwe lina linabwera pasukulu yathu kudzapereka mayunifomu kwa atsikana amene anabereka n'kubwerera m'kalasi. Zinthu zabwino ndithu. Koma anawaimika pamzere, aliyense khanda kumsana yunifomu m'manja, kujambula, madzulo ake zithunzi zili pa Facebook ndi maina awo ndi mawu achingerezi oti tawapulumutsa. Mnyamata wina wa pa trading centre anaziona, anazitumiza pa gulu la WhatsApp la achinyamata a m'deralo, sabata isanathe mudzi wonse ukuseka. Mtsikana mmodzi sanabwerenso. Ndinapita kwawo kukamunyengerera, anandiuza kuti madamu bola ndizikhala pakhomo kusiyana n'kuti ndizilozedwa zala pamsewu. Ndondomeko yoti mtsikana wobereka abwerere kusukulu ilipo kuyambira 1993, takhala tikulimbana ndi manyazi amenewa zaka zonsezi, ndiye chithunzi chimodzi chidzagwetse zonse chifukwa wina akufuna ma like?

Nachisale: Mayi zimenezi zandikhudza chifukwa atsikana ake ndi omwewa timagwira nawo ife. Komanso kunena zoona donor amafuna zithunzi pa lipoti lililonse, akati "human story" ndiye kuti akufuna nkhope

Ankolo a M&E: Amafuna nkhope inde koma mukawafotokozera amamva, ambiri ali ndi malamulo awoawo a safeguarding, oteteza ana ndi anthu amene mukuwathandiza, okhwima kuposa athu, vuto ndi ife timaopa kuwayankha. Jambulani manja akulemba mu kope, jambulani chakumbuyo akulowa m'kalasi, sinthani dzina, musatchule sukulu ndi mudzi. Ndipo fomu ya chilolezo ija isamakhale ya Chingerezi yongodindapo chala. Munthu auzidwe m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti chithunzichi chikaikidwa poti aliyense angachione, ngakhale apongozi ako, ngakhale amene anakupatsa mimbayo. Mukatero ambiri amakana, ndipo kukanako ndiye umboni woti amva. Kumbukiraninso kuti kuchokera 2017 malamulo akulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, nde Form 2 ambiri aja ndi ana, pafunika kholo.

Sisi wa ma akaunti: Palinso lamulo latsopano lija la Data Protection Act la 2024, amene akuliyang'anira ndi a MACRA. Ife timangoganiza kuti ndi la mabanki ndi makampani a foni koma bungwe lililonse losunga maina, manambala a ID ndi za umoyo wa anthu likukhudzidwa. Tangoganizani ma list a beneficiary amene timatumizirana pa WhatsApp, dzina, mudzi, nambala ya chitupa, mwina mpaka kolamu yoti ali pa ma ARV, fayilo imeneyo ili mu foni za anthu angati? Foni ikabedwa mu minibasi ya ku Limbe?

Che Wa ku Jali: Apa nde mwalasa. Ine list ina ndinaipeza kwa wogulitsa mbewu, akuimbira azimayi athu mmodzimmodzi kuti ndamva mwalandira ndalama

Mphwanu wa IT (Chikanda): Iiii

Ankolo a M&E: Tsopano pa matabuleti a tcheya wanu asisi. Funso ndi loti muzichita nawo chani. Ngati ndi kutolera data, simufunika tabuleti, foni ya Android wamba ikwana. Ikani KoboCollect, app yodzazira mafomu pa foni, fomu mumapangira pa KoboToolbox pa kompyuta, mafunso mutha kuwaika m'zilankhulo ziwiri munthu n'kumasankha, ndipo imagwira popanda netiweki, mumadzaza uko ku Chingale kuseri kwa phiri, mafomu amakhala mu foni, mukakwera kufika pamene pali netiweki mumatumiza onse pakamodzi. Pulani yaulere imalola mafomu 5,000 pamwezi, inu simungafike n'komwe. Ubwino wake wina imalemba nthawi imene munthu wayamba ndi kumaliza fomu, komanso GPS mukaiika. Ife tinagwira nayo anyamata awiri otolera data amene mafomu awo onse a makomo osiyanasiyana amaonetsa malo amodzi, titapita tinapeza ndi pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene amagulitsa chipisi, ankangodzaza za m'mutu fomu iliyonse mphindi zitatu kkkk. Pa pepala tikanadziwa bwanji?

Koma ndinene mbali inayo. Data imeneyi imangokwera. Imachoka kwa mayi wa m'mudzi, kupita mu foni, kupita ku ofesi, kupita pa dashboard ya donor, basi. Sinabwererepo kwa mayi uja kapena ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti taonani zimene tapeza m'mudzi mwanu. Anthu atopa nafe, mudzi umodzi chaka chimodzi kubwera mabungwe anayi onse kufunsa kuti mumadya kangati patsiku, muli ndi mbuzi zingati. Mayi wina anandifunsa kuti kodi mbuzi zangazi mukuziwerengera chani chaka chilichonse, mukufuna kudzazitenga? Ngati mugule mafoni, ikaninso mu pulani tsiku lobwerera kukawauza anthu zotsatira, pa flipchart pansi pa mtengo, limenelo silifuna bandulo.

Nachisale: Ankolo Kobo yo munthu angaphunzire nthawi yaitali bwanji? Ife tili ndi ma volunteer asanu ndi mmodzi, awiri okha ndi amene anafika Form 4

Ankolo a M&E: Kudzaza fomu tsiku limodzi akhoza, bola adziwe kuwerenga. Kupanga fomu ndiye kumafuna munthu mmodzi wodekha. Chovuta si Kobo, ndi chaji. Gulani ma power bank kapena kasola kakang'ono, apo ayi azikalipira kotchajitsa ndipo foni ikagona kumeneko anyamata amachotsamo memory card

Che Wa ku Jali: Ine maganizo anga ndi awa asisi, mutenge kapena musiye. Chida chachikulu chimene ndaona chikugwira ntchito kumudzi ndi voice note. Osaseka. Uthenga wolemba anthu ambiri sawerenga, poster ya PDF imadya bandulo ndipo pa bandulo ya WhatsApp yokha link ya webusayiti sitseguka n'komwe, koma mawu a mphindi imodzi m'Chichewa ndi ena m'Chiyao, mumatumizira munthu mmodzi wodalirika pa mudzi, iye amakawaseweretsa pa msonkhano wa banki mkhonde azimayi onse akumva, ena amatengerana pa Bluetooth kupita mu mafoni a mabatani aja okhala ndi memory card. Nthawi ya Freddy mu March 2023 ndi mmene tinkachenjezera anthu a m'mbali mwa Likangala ndi kumunsi ku Chilwa, tikatenga uthenga wa a zanyengo timaunena m'mawu athu n'kutumiza. Vuto linali loti magetsi atathima masiku angapo mafoni onse anazima, amene anatsala ndi wailesi za mabatire ndi anthu a VCPC, komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, oyenda ndi megafoni. Nde musadzadalire njira imodzi.

Chinanso mawu ake akhale a munthu amene anthu akumudziwa. Ine ndikalankhula amati ndi wa bungwe uja akufuna siginecha, koma akalankhula a HSA awo kapena shehe wawo amamvera.

Amayi a ku Domasi: Zoona bambo. Ndipo atsikana akamva mnzawo amene anabwerera kusukulu akufotokoza yekha, popanda dzina popanda nkhope, zimawalowa kusiyana ndi ife agogo awo

Mphwanu wa IT (Chikanda): Koma madala musaiwale kuti WhatsApp yomweyo ndi imene imafalitsa mabodza. Nthawi ya katemera wa Covid ma voice note onama anayenda kuposa a unduna. Ndipo ma group akakula amasokonekera, gulu limalola anthu 1,024 koma mukangodutsa 100 ayamba kutumiza maliro, mavesi, ma sticker ndi malonda a zitenje, uthenga wa bungwe umamira. Bola kutseka kuti ma admin okha ndiwo azilemba, kenako mafunso azibwera ku nambala ya bungwe. Nambala ya bungwe ndikunenayi ikhale SIM yakeyake, osati ya asisi, ndipo muyike two-step verification chifukwa akuba aja oimba kuti "takutumizirani code ya manambala 6 ya msonkhano wa pa Zoom tatiwerengereni" atenga ma WhatsApp a anthu ambiri a mabungwe, akatenga amayamba kupempha ndalama kwa ma contact anu onse m'dzina lanu

Sisi wa ma akaunti: Zinachitikira abusa athu zimenezo, mpingo unatumiza ndithu

Mlongo wa pa Chanco: Ndalowa mochedwa ndinali mu kalasi. Ine ndikufuna kufunsa, n'chifukwa chani bungwe lililonse likufuna kupanga chakechake pamene zina zilipo kale? Kuno ku Zomba konkuno a YONECO ali ndi nambala yaulere ya ana 116, ali ndi wailesi yawo YFM, ifenso pa Chirunga pali Chanco Community Radio. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ndi a VillageReach ku Balaka mu 2011, pano chili m'manja mwa boma, munthu amaimba 54747 pa Airtel kulankhula ndi wa zaumoyo. U-Report ya UNICEF imayenda pa SMS yaulere ku 1177, foni ya mabatani ikwana. Pali 321 ya pa Airtel yomvera mauthenga. Zonsezi zinapangidwira munthu wopanda smartphone. Atsikana anu akuzidziwa? Mwina ntchito yoyamba ya digital n'kungoonetsetsa kuti mtsikana aliyense waloweza 116 pamtima ndipo akudziwa kuti sidya mayunitsi. Ndinamvapo bungwe lina likufuna kupanga app ya atsikana akumudzi, app ya pa Play Store, ndinangoti kaya.

Ankolo a M&E: Ma app amenewo manda ake ndi aakulu mlongo. Amakhazikitsa ku hotela, ma T-shirt, nduna kapena DC kudula riboni, miyezi isanu ndi umodzi palibe amene akuitsegula kupatula amene anaipanga

Che Wa ku Jali: Koma 116 yo pali kanthu kamodzi, foni ndi ya bambo kapena ya achimwene, nthawi zina amene akumuzunza mwanayo ndi mwini foni yemweyo. Nde mtsikana aimba bwanji? N'chifukwa chake ine ndimati foni imodzi izikhala ndi mayi wa mother group, atsikana adziwe kuti akafuna kuimba apite kwa mayi uje, palibe amene angadabwe kuona mtsikana akulowa m'nyumba ya mayi wa mother group

Amayi a ku Domasi: Tikhoza kusunga ife, bola mutiphunzitse ndipo musatipatse zija zopalasa ndi chala, maso anatha awa kkkk. Ya Mose wa Lero ija inali bwino, batire sabata yonse

Mphwanu wa IT (Chikanda): Kkkkk mayi mwatikumbutsa kutali

Nachisale: Nanga za kusonkhetsa ndalama pa intaneti? Mmodzi wa komiti akuti tikakhala ndi Facebook yamphamvu sitidzafunanso donor, akuti anthu azingotumiza. Chichokereni nkhani ija yoimitsa thandizo la USAID mu January 2025 aliyense akuopa kudalira khomo limodzi, anzathu ambiri ntchito zinawathera tsiku limodzi

Sisi wa ma akaunti: Zimatheka koma osati mmene akuganizira iwowo. A Malawi amapereka, tinaona mu 2021 nthawi ya Covid nzika wamba zitasonkha pa Facebook kugulira zipatala zipangizo, ndipo chimene chinakoka anthu n'choti amene ankatsogolera ankaonetsa poyera ndalama yalowa ndi yatuluka, mpaka ma risiti. Anthu amapereka pa chinthu chooneka, fizi ya mwana uyu, opaleshoni ya mayi uyu, denga la kalasi iyi. Koma mukati tithandizeni kulipira lendi ya ofesi ndi mafuta a njinga yamoto palibe amene atumize olo K500. Nde yembekezani kuti Facebook ikupatsani za fizi ndi mayunifomu, osati malipiro.

Ndipo apa pabwereranso nkhani ya mayi a ku Domasi, chifukwa chimene chimakoka ndalama msanga ndi nkhope ya mwana akulira. Mudzasankha nokha.

Za njira yolandirira, musaike nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba pa poster, olo muli okhulupirika bwanji. Tsiku lina mudzagula nayo ndiwo mosazindikira, auditor adzakufunsani, anthu adzati Nachisale wadya. Pitani mukatsegule ya bungwe, ya merchant, yolumikiza ku akaunti ya ku banki imene amasainira anthu awiri. Akunja ndiye pali vuto lina, webusayiti yosonkhetsera ndalama ya GoFundMe silola munthu wa ku Malawi kutapa ndalama mwachindunji, mpaka mudzere mwa wachibale ali ku UK kapena ku America, ndipo pamenepo mabanja adana. Inzake ya GlobalGiving imalandira mabungwe a kuno koma imafuna mapepala anu onse akhale bwino, ma akaunti, bodi, setifiketi.

Mphwanu wa IT (Chikanda): Palinso PayChangu ya konkuno, imalandira makadi ndi mobile money, mutha kuika batani pa webusayiti ija mukukana ija kkk

Che Wa ku Jali: Wabwereranso pa ganyu paja

Ankolo a M&E: Potumiza ndalama kwa ma beneficiary pa foni napo pali zake. N'zabwino, palibenso zonyamula chikwama cha ndalama pa njinga yamoto, a GiveDirectly amatero ndipo zimayenda. Koma chiyambireni kulembetsa ma SIM ndi chitupa cha NRB mu 2018, dzina la pa SIM ndi la mwini chitupa, nde mayi amakupatsani nambala, mukati mutumize pakutuluka dzina la mwamuna. Mukatumiza ndalama ya fizi ya mwana yathera ku bawo ndi kachasu. Ena PIN anawaikira ndi agent ndipo ndi agent yemweyo amaidziwa. Komanso tsiku lolandira anthu onse amathamangira kwa agent mmodzi wa pa Mayaka, float yamuthera 10 koloko, ena akwere kabaza mpaka mtauni, ndalama yotapira ndi ya kabaza yadya kale gawo. Ife pano timaonjezera ya kutapa pamwamba ndipo timawauziratu ma agent sabata imodzi isanafike. Fizi nde bola kulipira kusukulu mwachindunji.

Mlongo wa pa Chanco: Funso lina, pulani yo mulemba nokha kapena ndi ChatGPT? Sindikunyoza, tonse tikugwiritsa ntchito, koma mnzanga amene amawerenga ma proposal akuti masiku ano onse akufanana ngati ana a mimba imodzi, mawu okoma koma osatchula mudzi olo umodzi. Ikuthandizeni kukonza Chingerezi basi, koma za Chingale mulembe inu, ndipo musamaikemo maina a atsikana mmenemo

Nachisale: Kkkk mwandigwira, ndinali nditayamba kale. Chabwino ndamva. Mmene ndikuonera pano ndilemba chonchi, mafoni a mabatani a amayi a mother group, ma Android awiri kapena atatu a Kobo ndi ma voice note, sola, SIM ya bungwe, mayunitsi a chaka chonse, nthawi ya pa wailesi ngati ndalama ilola. Webusayiti kakang'ono ka masamba anayi kolipiriratu. TikTok ayi. Koma mantha anga ndi oti donor akaona mafoni a mabatani ndi wailesi adzati iyi si digital, iwo akufuna zinthu zoti akaonetse ku bodi yawo

Ankolo a M&E: Apatseni manambala, ndi chimene bodi imadya. Kobo ikupatsani ma chart okongola, atsikana angati abwerera, angati akadali m'kalasi teremu yachitatu, mafoni angati aimbidwa kudzera kwa amayi aja. Zimenezo n'zolemera kuposa ma follower. Ma like a peji yanu theka adzakhala a anzanu a mabungwe ena ndi achibale anu a ku Johannesburg, palibe mtsikana wa ku Mayaka mmenemo

Mphwanu wa IT (Chikanda): Ine pa TikTok sindikugwirizana nanu. Achinyamata a mtauni muno, Chinamwali, Mpondabwino, Sadzi, ali pomwepo, ndipo anyamata amene akupereka mimbazo ndi omwewo a kabaza ndi a pa trading centre okhala ndi ma smartphone. Mukungolankhula ndi atsikana, anyamatawo alankhule nawo ndani?

Amayi a ku Domasi: Apa mwana wanena zanzeru

Che Wa ku Jali: Wanena zanzeru koma ndani azipanga mavidiyowo sabata ndi sabata? Asisi ali ndi ma volunteer asanu ndi mmodzi osalipidwa. Akaunti yongoika vidiyo imodzi pa Khrisimasi bola kusakhala nayo

Mlongo wa pa Chanco: Ana a drama ndi a media pa Chanco amasowa kochitira attachment chaka chilichonse, ena ali ndi ma follower awo kale. Simufunika akaunti yanu, apatseni nkhani ndi ya transport apange pa ma akaunti awo, bola muone kaye vidiyo isanatuluke kuti asalakwitse uthenga. Ndikhoza kufunsa a m'kalasi mwathu

Nachisale: Tafunsani mlongo. Tcheya nde sindikudziwa ndimuuza bwanji za matabuleti ake, munthu anauza kale mkazi wake kuti imodzi izikhala kunyumba

Sisi wa ma akaunti: Kkkkkk lembani asset register asisi, chilichonse chikhale ndi nambala ndi dzina la amene wasainira, akamva zosainira amabwerera m'mbuyo okha

Ankolo a M&E: Loweruka ndili mtauni, ngati magetsi alipo bwerani ndi laputopu ndi mafunso amene mumafunsa pa pepala aja tiwalowetse mu Kobo muone mmene imakhalira musanalembe bajeti. Mubwere ndi mmodzi wa ma volunteer a Form 4 wo, osati tcheya

Nachisale: Laputopu yathu batire inafa imagwira ili pa moto pokha, nde tipemphere ESCOM. 9 koloko?

Ankolo a M&E: 10, ndiyambe ndadutsa ku msika

Che Wa ku Jali: Mafunsowo mukamaliza munditumizire ndiwaike m'Chiyao, aja a pa Google musayerekeze